Amalume a Bwampini

Padangotero, chaka chimene mvula idakana kawiri motsatizana, nyama zidayamba kukukuta makungwa a mitengo. M'dziko lonselo nkhokwe yokhala ndi chimanga idatsala imodzi yokha, ndipo mwini wake adali Bwana Nyalugwe. Kapitawo wake adali Fisi.

M'mawa uliwonse Fisi ankaima pachipata n'kufuula kuti, "Ntchito! Ntchito! Bwana akufuna woyang'anira nkhokwe. Malipiro ake ndi lichero la chimanga tsiku ndi tsiku. Mafunso atatu okha, ntchito ndi yako!"

Nyama zinkabwera n'kupanga mzere. Aliyense ankasamba, kupesa ubweya ndi kudzola timafuta tomwe adatsala nato, kuti bwana asamuone ngati wofooka.

Kumapeto kwa mzerewo kunkaima Bwampini, khoswe wamkulu wa masaya ngati matumba. Iyeyu adali mtchona. Adachoka kwawo kalekale pamodzi ndi mkazi wake Nagama, atalonjeza abale kuti abwerako akakolola kawiri. Zaka zidangopita. Njala itakula Nagama adamwalira, ndipo Bwampini adakumba manda yekha, popanda adzukulu. Chomwe mkaziyo adamusiyira ndi nyimbo imodzi yosinjira. Nyimboyo inkatchula midzi ya panjira yopita kwawo, umodzi ndi umodzi, n'kumapumira pakati ngati kudikira munsi ugwere mumtondo, mpaka kufika pamudzi wa amayi ake. Bwampini akachita mantha ankaiimba chamumtima.

Kutsogolo kwake pamzere kudali Njiri, mtchona mnzake.

"Achimwene," adatero Bwampini, "kodi nyalugwe amadya chimanga?"

"Sadya."

"Nanga nkhokweyi ndi yachiyani?"

"Za olemera zisiye, iwe. Ife tikufuna lichero."

"Dzulo analowa asanu ndi mmodzi. Mwaona angati akutuluka?"

"Akapitawo anati amatulukira kuseri, amawatumiza kuminda ina."

"Minda yake iti, chaka chopanda mvula?"

Njiri adangopukusa mutu, n'kupitiriza kupukuta minyanga yake ndi tsamba.

Bwampini adachoka pamzere. Adayesa kaye nkhokwe yeniyeniyo, koma idakhala pathanthwe losakumbika, ndipo Nyalugwe ankapumira pamwamba pake. Adangoona kaufa koyera kakugwa m'mipata, nadziwa kuti anankafumbwe alowa. Ndiye adakumba una wopita pansi pa chisakasa chofunsira mafunso, nabisala pomwepo, makutu ali tcheru.

Woyamba kulowa adali Gwape, thupi lonyezimira ndi mafuta a nsatsi.

"Funso loyamba," adatero Fisi. "Umadziwa ntchito yanji?"

"Iliyonse, bwana. Ndimathamanga, ndimanyamula, sinditopa."

"Lachiwiri. M'thupi muli bwanji?"

"Ndili bwinobwino, bwana. Njala sinandigwire kwambiri. Tagwirani ntchafu izi."

Fisi adagwira. Nyalugwe adameza malovu, nafunsa yekha funso lachitatu ndi mawu ofewa.

"Mwana wanga, ngozi zimachitika pantchito. Utafa pano, uthenga tikapereke kwa yani?"

Gwape adaganiza zomwe ofuna ntchito onse amaganiza, kuti bwana safuna munthu wa abale ambiri, wopempha chilolezo sabata iliyonse kuti apite kumaliro. Ndiye adayankha monyadira.

"Ine ndilibe aliyense, bwana. Amalume ndilibe, alongo ndilibe. Tchuthi cha maliro simudzandimva ndikupempha."

"Yankho labwino," adatero Nyalugwe.

Bwampini adamva phokoso limodzi lalifupi, kenako magazi adadontha m'una mwake. Patapita nthawi adamva Fisi akuyankhula kukamwa kuli kodzaza.

"Bwana, tsiku lina Mfumu Mkango sadzatiitana kubwalo?"

"Kubwalo mlandu wa magazi umatsegulidwa ndi mwinimbumba, iwe chitsiru. Wopanda mwini, adzamudandaulire ndani? Taya mafupa kuseri, uitane wina."

Bwampini adaimba nyimbo ya Nagama chamumtima, kenako adathamangira kwa Njiri kukamuuza zonse.

"Tiyeni tithawe, achimwene."

"Tithawire kuti? Taona nthiti zangazi. Ndikapanda kulowa, sabata ino siitha ndili moyo. Bola wandiuza. Ine amalume ndili nawo, ndikawatchula."

Tsiku lotsatira Njiri adalowa, Bwampini ali pansi pake m'una. Mafunso awiri oyamba adadutsa. Pa lachitatu Njiri adakweza mawu.

"Mukauze amalume anga, a Njiri aakulu a ku Chimphepo. Ndiwo eni mbumba."

Nyalugwe adafunsa mwaulemu.

"Mthenga angayende masiku angati kukafika kumeneko?"

"Mwezi ndi theka, bwana."

"Anakuona liti komaliza?"

"Papita zaka zisanu ndi zinayi."

"Uthenga umawatumizira?"

Njiri adawerama. "Ndimati ndikapeza kanthu kaye, bwana."

"Ndiye kuti anakulira kale," adatero Nyalugwe. "Maliro salira kawiri."

Tsiku limenelo Bwampini sadathe kuimba. Adakhala m'una mpaka dzuwa litapendeka, akudziwa kuti zomwe adamuuza zija ndizo zidalimbitsa mnzake mtima wolowa. Koma njala sidamusiye kuti alire nthawi yaitali. Adazindikira tsopano kuti pa funso lachitatu pakufunika mwinimbumba wapafupi, ndiponso woopsa.

Adapita kwa Njati.

"Agogo, mundilole ndikakutchuleni kuti ndinu amalume anga."

"Iwe wakhala kuno zaka zingati?"

"Zambiri, agogo."

"Maliro a mwana wanga unabwera?"

"Ndinali kuntchito."

"Pita, ntchitoyo ikakhale amalume ako."

Adapita kwa Njovu. Njovu adamuyang'ana kuchokera pamwamba.

"Mkazi wako atamwalira unauza ndani?"

"Sindinauze aliyense, mayi. Ndinalibe chowapatsa obwera."

"Unkaopa kudyetsa anthu, lero ukufuna anthu akuimire kubwalo? Choka, ndingakuponde."

Pobwerera Bwampini adatsala pang'ono kuponda mzere wa linthumbu, nyerere zija zoluma zomwe zikalowa m'nyumba ngakhale mwini nyumba amathawa. Adaima patali, nagwada, nawomba m'manja kwa msilikali wamkulu wa mutu waukulu amene ankalondera m'mbali mwa mzerewo.

"Zikomo, akuluakulu. Ndikupempha ubale."

"Ubale n'chiyani?" adafunsa msilikaliyo osaima.

"Kuti ndikakhala pamavuto mubwere."

"Ife sitidziwa mavuto. Timadziwa fungo. Komwe kukununkhira mafuta timapita. Komwe kuli phulusa sitiponda. Choka panjira."

Bwampini adachoka panjira, koma kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Nagama adamwetulira.

Kukonzekera kwake kudatenga masiku atatu. Tsiku loyamba adapita kuseri kwa chisakasa komwe Fisi ankataya mafupa. A Njiri adawazindikira ndi minyanga yopukutidwa bwino ija.

"Pepani, achimwene," adanong'ona. "Munandipatsa malo pamzere, mundipatsenso ichi."

Adaswa mafupawo, nadzaza mafuta a m'kati mwake m'masaya. Njala inkamuuza kuti ameze, iye osameza. Adayesa kudontheza pang'ono pafupi ndi mudzi wa linthumbu, ndipo lidatuluka n'kutsata madonthowo ngati asilikali otsata ng'oma.

Tsiku lachiwiri adafuna kudziwa nthawi. Adaika madontho mtunda wofanana ndi wopita kuchisakasa, koma cholowera kwina, nayamba kuimba nyimbo ya Nagama pamene nyerere yoyamba idatuluka. Adaimba midzi yonse kufika kwa apongozi ake, nabwereranso pachiyambi, mobwerezabwereza. Mzere udafika kumapeto iye ataimba ka makumi awiri.

Tsiku lachitatu adatolera phulusa m'mafuwa a nyumba zosiyidwa, nadzaza thumba. Kenako adalowa m'una uja, napaka mafuta ena kunsi kwa mphasa yomwe Fisi ankakhalapo.

M'mawa wa tsiku la mafunso adadontheza mafuta kuchokera kumudzi wa linthumbu mpaka pakhomo pa una wake, nayamba kuwerenga nyimbo chamumtima. Ena pamzere ankadzola mafuta. Iye adadzigudubuza m'phulusa mpaka adatuwa ngati chipupa. Adapempha Kanyimbi amene adali kutsogolo kuti asinthane malo, ndipo adalowa ali pa nyimbo ya khumi.

Fisi adaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bwana, taonani ichi! Iwe, wabwera kudzafuna ntchito kapena wachokera kumanda?"

"Zonse ziwiri, akapitawo," adatero Bwampini, akukhala pansi n'kuika thumba pambali.

"Funso loyamba. Umadziwa ntchito yanji?"

"Imodzi yokha. Kusunga chimanga. Ndipo chanucho chikutha, bwana."

Nyalugwe adatukula mutu. "Wati chiyani?"

"Mwalowa anankafumbwe. Pitani mukaone kaufa pansi pa nkhokwe. Miyezi iwiri ikubwerayi mudzatsala ndi madeya okhaokha. Ndiye pachipata padzabwera ndani, kudzafunsira lichero la madeya?"

Nyalugwe adayang'ana Fisi. Fisi adayang'ana kudenga.

"Mankhwala ake?" adafunsa Nyalugwe.

Apa Bwampini adatambasula nkhani dala. Adafotokoza zotsitsa chimanga chonse, kuchitonola, kuchiyanika padzuwa, kuchipeta, ndi kuchisakaniza ndi phulusa losefa bwino. Adatchula mitengo ya phulusa labwino ndi ya phulusa lachabe. Mumtima adali pa nyimbo ya khumi ndi zisanu.

"Basi, basi," adatero Nyalugwe. "Tamva. Phulusa. Fisi, wasunga zimenezo?"

"Ndasunga, bwana. Tsopano sitikumufunanso. Funso lachiwiri, iwe. M'thupi muli bwanji?"

"Moipa, akapitawo. Mafupa okhaokha, chifuwa, ndi zipere pansi pa phulusali. Koma manja amagwira."

"Zipere timasenda," adatero Fisi, akunyambita milomo.

Mafunso adathamanga kuposa momwe Bwampini adayembekezera. Padatsala nyimbo zinayi.

Nyalugwe adafewetsa mawu. "Mwana wanga, ngozi zimachitika pantchito. Utafa pano, uthenga tikapereke kwa yani?"

"Musavutike ndi mthenga, bwana. Amalume ali m'njira. Anati andiperekeza, koma amayenda pang'onopang'ono chifukwa amabwera ndi mbumba yonse."

"Amalume ako ndani?"

"A Linthumbu."

Fisi adagwa chagada ndi kuseka. "Khoswe, mphwake wa nyerere! Mayi ako anali ndi miyendo ingati?"

"Anali mlongo wawo wa bere lina, akapitawo. Nkhani za m'banja."

"Bwana, ndimuyambe kumutu kapena kumchira?"

Nyalugwe sadaseke. Adayang'ana pakhomo, osaona kanthu, natulutsa zikhadabo.

"Bwana," adatero Bwampini, "kwathu munthu asanafe amaimba nyimbo ya kwawo kanayi, kuti mzimu usasochere n'kutsalira m'nyumba ya amene wamupha. Ngati simuopa kugona ndi mzimu wa khoswe, yambani."

"Imba msanga," adatero Nyalugwe.

Ndipo Bwampini adaimba mokweza nyimbo yomwe kuyambira tsiku la manda adali asanaitulutse pakamwa. Adatchula midzi ya panjira umodzi ndi umodzi, akupumira pomwe Nagama ankapumira. Ulendo woyamba Fisi ankamuyeseza. Ulendo wachiwiri adayasamula. Ulendo wachitatu adayamba kudzikanda. Ulendo wachinayi, nyimbo isanafike pamudzi wa apongozi, Fisi adakuwa.

Linthumbu lidatulukira pansi pa mphasa ngati madzi akuda otumphuka. Fisi adali atakhuta nyama za masabata ambiri, ndipo pakamwa, pachifuwa ndi m'miyendo monse mudali mafuta. Adayesa kudzuka, mimba idamulemera. Nyerere zidamulowa m'makutu, m'mphuno ndi m'maso. Adagubuduka n'kugwetsa mzati wa pakhomo, denga lidatsika n'kutseka njira, moti Nyalugwe adapanikizika pakona, mzere wakuda ukumuyandikira.

Bwampini adakhala phee pakati pa zonsezo. Nyerere zinkafika pamapazi ake otuwa n'kupatuka.

"Taonani, bwana, mphwawo akumudziwa," adatero. "Akapitawo anawanyoza. Paja anafunsa za miyendo ya mayi anga."

"Auze achoke!" adakuwa Nyalugwe. "Auze!"

"Andifunsa kuti mafunso ayenda bwanji. Ndiwayankhe chiyani?"

"Wapambana! Ntchito ndi yako!"

"Lichero tsiku ndi tsiku?"

"Awiri!"

"Limodzi likwana, bwana, ndili ndekha." Adatsegula thumba, nayamba kuwaza phulusa mozungulira Nyalugwe, akuwomba m'manja ndi kunena kuti, "Pepani amalume, awa ndi abwana anga, awa ayi. Tengani omwe mwagwirawo." Mzere udafika paphulusa, udaima, n'kubwerera kwa Fisi.

Dzuwa lisanafike pamutu, pamphasa padatsala mafupa oyera ndi mano. Linthumbu lidalowanso m'una n'kupita.

Nyalugwe adatuluka pakona. Adayang'ana mafupawo nthawi yaitali, kenako adayang'ana Bwampini.

"Nkhokwe ndi yako," adatero. "Koma amalume ako andidyera kapitawo. Mawa pachipata uima ndiwe. Mafunso awiri oyamba ufunsa ndiwe."

Bwampini adatsegula pakamwa kuti akane. Adayang'ana lichero lomwe lidali pakona, nakumbukira nthiti za Njiri. Adatseka pakamwa.

Chimanga adachisamala bwino, anankafumbwe adatha, ndipo iye adanenepa. M'masabata oyamba ankanong'oneza ena pamzere kuti atchule a Linthumbu pa funso lachitatu, ndipo otero ankatuluka amoyo ngakhale opanda ntchito. Koma mwezi usanathe Nyalugwe adawonda, nayamba kumuyang'ana Bwampini nthawi yaitali.

"Amalume ako aja sabweranso? Kapena anakulira kale?"

Bwampini adamvetsa. Kuti Nyalugwe apitirize kuopa, amalume ankayenera kuoneka mwezi uliwonse akudutsa pabwalo. Kuti amalume abwere pankafunika mafuta. Ndipo m'dziko lonselo mafuta ankapezeka malo amodzi okha, kuseri kwa chisakasa. Kuyambira pamenepo ankanong'oneza awiri, wachitatu n'kumusiya. Posankha womusiya sankamuyang'ana kumaso.

Mvula idabwera chaka chachitatu, mzere pachipata udatha, ndipo Nyalugwe adabwerera kukasaka kutchire monga kale. Njira yopita kwawo idali yotseguka. Bwampini adamanga katundu kawiri, namumasula kawiri. Akanafika, a kwa Nagama akanamufunsa kuti mwana wawo adamuika kuti, ndiponso kuti iye adanenepa ndi chiyani chaka cha njala. Adatsala pankhokwe. Nyimbo ija ankaiimbabe, koma ankaidulira panjira, isanafike pamudzi womaliza.

Adakalamba, ndipo tsiku lina masana adagona pansi pa nkhokwe osadzukanso. Nyalugwe, amene nayenso adali atakalamba, adamupeza pomwepo. Sadamukhudze. Adaima patali akuganiza za mthenga woti atume, koma mthenga sadafunike. Fungo lidali litapita kale, ndipo tsiku limenelo Bwampini adalibe phulusa pathupi.

Adabwera onse, mbumba yathunthu, mzere wosaoneka mathero. Njati sadabwere, Njovu sadabwere. Nyalugwe adagwada, nawomba m'manja.

"Pepani, amalume. Mphwanu anagwira ntchito bwino. Sindinamuphe ine."

Amalumewo adamunyamula Bwampini kachidutswa kachidutswa, aliyense kake pamutu, ndipo mzerewo udalunjika kum'mawa, komwe kuli mudzi woyamba wa m'nyimbo ija. Ngati adakafika naye kumudzi womaliza, palibe adabwerako kudzanena.

Nthano yathera pomwe mzerewo udalowera. Mbatata ija pamoto yapsa kalekale, amene ali ndi womugawira aphule.